Kabokosi Kakale ka Mfuti ya Amuna Anga

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga mpaka imvi, amenenso amaona zinthu zomwe anthu amazitsinzinira dala. Popanda Iye, nkhani iyi ikanandiwolera m'mimba.

Amuna anga anali ndi mfuti ya chilolezo, yosiyiridwa ndi malume awo. Nguluwe zikavuta, alimi a zinanazi ndi chinangwa kumtunda kwa Likhubula ankawaitana, ndipo ankabwerako ndi mwendo wa nyama kapena dengu la zinanazi. Mfutiyo inali yokalamba. Kabokosi ka zipolopolo kamene kamalowa kunsi kwake kanali kogwedera, moti ankakamanga ndi mphira ya tchubu cha njinga. Anzawo ankawaseka kuti mfuti yavala bandeji. Koma inkaomba.

Tsiku lina anabwera kuchokera ku Chonde ndi kabokosi kena konyezimira, kogula kwa munthu woyenda ndi zitsulo m'chikwama. Kakale kaja anakataya pakhonde. Ine ndine wosoka, sinditaya kanthu. Ndinakatola nkukaponya m'chitini changa cha mabatani.

Matenda a mfuti anayambira pamenepo. Chipolopolo choyamba chinkatuluka bwinobwino. Akakoka chitsulo kuti chachiwiri chikwere, chinkakwera chopingasa nkukakamira pakhomo. Anathira mafuta, osatheka. Anasintha zipolopolo, chimodzimodzi. Anapala kabokosiko ndi tupa, zinangoipiraipira.

"Abambo," ndinatero, "makina anga ndikaikamo bobini ya makina ena, ulusi umakolana. Bwezeranimo kakale kaja muone."

"Mfuti si makina osokera madiresi, mayi. Sokani uko."

Ndinasoka. Kenako amayi a kumpingo tinapita ku msonkhano wa mapemphero wogonera komweko, amuna anga atavomera. Ndili uko, iwo analasa nguluwe yaimuna m'mawa, koma sinagwe. Inatembenuka. Chipolopolo chachiwiri chinakakamira, nguluweyo nkuwang'amba ntchafu. Anawatsitsa pa machira ndi amuna onyamula katundu wa alendo okwera phiri.

Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, choncho abale awo anadzandizenga pabwalo langa lomwe, pansi pa mango amene anabzala mayi anga.

Apongozi anga anayamba: "Mfuti siikana chabe. Mlenje akalowa m'tchire, mkazi amakhala pakhomo atadzisunga. Inu munali kuti?"

"Kumapemphero, amayi."

"Mapemphero ogonera komweko?" anatero alamu anga, mkulu wa amuna anga. "Kaya ankapemphera ndani pamwamba pa ndani." Ena anaseka, ena anayang'ana pansi.

Ndinalowa m'nyumba, nkutuluka ndi kabokosi kakale kaja. Ndinagwada pamaso pa ankhoswe, omwe anamanga ukwati wathu, nkunena kuti: "Chigamba chatsopano pa nsalu yakale chimang'amba, tonse tinamva zimenezo m'tchalitchi. Ikani aka m'mfutimo muyese, kenako ikanimo katsopanoko. Aliyense aone ndi maso ake."

Apongozi anadzuka ngati aponda moto. "Onani! Chitsulo cha mfuti ya mwana wanga chimagona m'chitini cha mkazi! Mukufunanso umboni wanji? Si kumanga mfuti kumeneku?"

Ndinabweretsa ndekha chingwe chondimangira.

Maso onse anapita kwa amuna anga, ali pampando mwendo uli tantha. Ankadziwa. Ndinagona nawo mphasa imodzi mpaka ana kukula, nkhope yawo ndinkaiwerenga kuposa buku la nyimbo. Koma kuvomera kukanatanthauza kunena pamaso pa mayi awo kuti anapusitsidwa ndi wamalonda, ndiponso kuti mkazi anawachenjeza iwo osamva. Anatokosa pansi ndi ndodo, nati: "Ine ndilibe mawu."

Akulu a mpingo anandipempha mwaulemu kuti ndiyambe ndasiya kutsogolera nyimbo mpaka nkhani itayera. Kale, monga timawerenga m'Malemba, mkazi woganiziridwa ankamwetsedwa madzi owawa pamaso pa wansembe, mlandu nkuthera pomwepo. Ine sanandipatse ngakhale amenewo. Anangondisuntha benchi.

Amuna anga anatenga bulangete, mfuti ndi kabokosi kakale kaja, amvekere akukachotsa mankhwala, nkubwerera kwa mayi awo kutsidya kwa mtsinje.

Mvula itayamba, ndikupalira chimanga m'mawa, ndinamva kuphiri: phuu! Ndinaima ndi khasu, kudikira bata lija ndinalizolowera, la chipolopolo chachiwiri chokakamira. Phuu! Posakhalitsa inaliranso. Ndinakhala pansi pamzere.

Masana ake tinakumana pamsewu ndi amuna anga, iwo akutsimphina, mfuti ili paphewa. Kunsi kwake kunali kabokosi kakale, komangidwa ndi mphira yatsopano ya tchubu. Anaona kuti ndaona.

"Mwaswera, mayi?"

"Ndaswera, abambo. Mfuti yachira?"

Anangopitirira ulendo wawo. M'mudzi monse nkhani inali yoti mfuti yachira chifukwa yachoka m'nyumba mwanga, ndipo iwo anailola kuti iyende choncho mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda. Pamaliro ndinakhala kumbuyo, pamodzi ndi anthu ongodutsa. Ndimauzidwa kuti ndikhululuke kosawerenga, ndipo m'mawa uliwonse ndimayesa. Masiku ena pofika madzulo zimakhala zitabwereranso.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Akupatseni mboni yosachita manyazi pa tsiku la mlandu wanu, atchinjirize dzina lanu pamene simulipo, ndipo mtendere wake ukhale pa makomo anu. Amen.