Galu wa Mayi Esinati Ali ndi Dzina Lake

Pa Mpingu palibe amene sawadziwa mayi Esinati, a mvano aja oyenda mokoka mwendo, ogulitsa mpiru wa kudimba kwawo. Koma ambiri amawadziwira galu wawo. Galuyo anabwera naye malemu amuna awo, bambo Benedicto, ali kamwana kokwana m'thumba la jekete, chaka chimene anthu ankawathyolera nzimbe kudimba. Kwathu kuno mawu amene sungamuuze mnansi pamaso umampatsa galu. Ndiye bambo Benedicto anamutcha Mulibemanyazi, ndipo akaima pakhomo kumuitana, akuba nzimbe ankadzimva okha.

Bamboyo atamwalira, mwana wawo Pamela wa ku tauni anamanga mpanda wa njerwa kuzungulira nyumba. Galu wozolowera kudimba anayamba kukanda geti, kulira, kuwonda. Mayi Esinati bondo linali litawakana, sakanatha kuyenda naye. Tsiku lina Pamela anaimba foni kuti wapeza njira: bambo wina, Owen, wayamba bizinesi yoyendetsa agalu a anthu amene achoka ku tauni n'kudzamanga kuno.

Chimwemwe cha mayi Esinati mukanachiona! Ku mvano nkhani inali yomweyo. "Galu wanga wapeza womuyendetsa, ngati mwana wa bwana wopita ku sukulu." Azimayi anzawo anaseka mpaka misozi, ena n'kufunsa ngati galuyo miyendo inamuthawa. Iwo sanasamale. Galuyo anakamusambitsa ndi sopo wawo wa Lamulungu.

Owen anafika atavala jekete yowala, agalu ena ali pa zingwe, ndipo anafunsa dzina. Atamva, anakanda mutu.

"Mayi, limenelo sindingaliitane pamsewu, makasitomala angathawe. Kwa ife akhala Bruno."

"Sayankhatu dzina lina ameneyu."

"Musadandaule, ife ndi akatswiri."

Masiku oyamba zinayenda. Galu ankabwera lilime lili kunja, n'kudya, n'kugona ngati wachokera kolima. Mayi Esinati ankaima pa geti kuti odutsa aone.

Kenako tsiku lina dzuwa linapendeka, galu osabwera. Mayi Esinati anaimbira Owen foni. "Tikuyimbiraninso, mayi." Sanaimbe. Anaimbanso, anayankha mayi wina kuti abwana ali pa msonkhano. Msonkhano wa agalu kapena? Mawa lake anauzidwa kuti nkhani yawo ikuonedwa, kenako foni inazima. Mayi Esinati anachita mantha enieni, pakuti pa zonse zimene amuna awo anasiya, chopuma chinali galu yekhayo.

Anamanga chitenje, anakwera kabaza, ulendo wa pa msika. Ofesi ya Owen inali benchi pakhonde la golosale ya a Yakubu, ndi chikwangwani chojambulidwa galu wooneka ngati mbuzi. Linali tsiku la msika, anthu ali piringupiringu. Owen atawaona analibenso kothawira. Anafotokoza kuti lole inaliza hutala, galu anadzidzimuka, chingwe chinaduka, ndipo anathawira m'mapesi kuseri kwa chigayo.

"Taitana Bruno mpaka mawu kutha. Galu wanu ndi wosamva, mayi. Zikatere kampani ilibe mlandu."

Mayi Esinati anapatsa wa kabaza ndodo yawo, anagwira m'chiuno, anakoka mpweya ngati akuyambitsa nyimbo ya mvano.

"Mulibemanyazi!"

Ogulitsa usipa anatembenuka. A Yakubu anatuluka m'golosale chikho choyezera shuga chili m'manja. Owen anadzuka pa benchi nkhope itagwa.

"Mayi, musandinyoze pagulu. Tikambirane bwinobwino."

"Mulibemanyazi! Iwe Mulibemanyazi!"

Kuseri kwa chigayo mapesi anayamba kugwedezeka. Kunatulukira chigalu chofiirira, thupi lonse chisoso chokhachokha, chikukoka kachidutswa ka chingwe, chikuthamanga mopyola pakati pa madengu a tomato. Chinawalumphira pachifuwa, pang'onong'ono kuwagwetsa. Mayi Esinati anakhala pansi pafumbi pomwepo, akuseka, akulira, akumuchotsa chisoso m'makutu. Azimayi a pa msika anayamba nthungululu ngati kwafika mkwatibwi.

Owen anayesa kumwetulira. "Mwaona, wapezeka. Ndiye mawa timutenge nthawi yomwe ija?"

Anthu anaseka. A Yakubu, munthu wokonda kumvetsa zinthu, anawerama pang'ono n'kufunsa mwaulemu: "Kodi mayi, mumaitana galu, kapena mumanena bambowa?"

Mayi Esinati anadzuka, anasasa chitenje, analandira ndodo yawo.

"Galu wayankha kale, a Yakubu. Enawo ndikudikirabe."

Wa kabaza uja anamuuza kuti azipita. Anabwerera kwawo wapansi, pang'onopang'ono, bondo likuwawa, galu ali patsogolo wopanda chingwe. Mpaka lero m'mawa uliwonse amapita naye okha kudimba, ndipo akamuitana podutsa pa msika, Owen amayang'ana kumbali.