Kafulashi ka m'wailesi ya ababa

Tsiku losudzula amayi, katundu wa ababa anamuyala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Sanali wambiri: njinga, jekete la kutchalitchi, nsapato, makasu, chikwanje ndi wailesi yofiira ya m'manja. M'mbali mwa wailesiyo munali mutasomekedwa kafulashi kobiriwira kopanda chotsekera. Nditakaona mtima unangoti myuu. Chichitikire maliro wailesiyo sinayatsidwepo, ndipo panalibe wina wa ife amene anali ndi mutu woti n'kukumbukira kukazula.

Ababa anali mkamwini kwathu ku Kadewere, kwawo kunali mbali ya ku Nguludi. Mwamuna akamwalira, abale ake amabwera kudzamasula mkazi kuti akhale mfulu, ndipo zimene malemu ankavala kapena kugwira m'manja zimabwerera kwawo. Ana timangokhala pambali n'kumapenya. Za njinga ndinalibe nazo ntchito. Koma m'kafulashimo munali mawu a ababa. Nyengo ya nandolo yapitayo ndinawajambula pafoni atakhala pakhonde, akuimba nyimbo za Chilomwe zimene makolo awo anabwera nazo kuchokera ku Mozambiki. Ndinawaikira m'kafulashi kuti azidzimvera okha pawailesi, ndipo ankadzimveradi mpaka amayi ankawanena kuti ndi munthu wanji wosatopa ndi mawu ake omwe. Foni ija anandisolola m'minibasi ku Limbe. Kunja konse kuno mawu a ababa anatsala m'kanthu kamodzi kameneko.

Tifulashi tating'ono timeneti anthu amatinyoza. Achinyamata amati mulibe malo, filimu imodzi basi kadzadza. Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndimatikonda chifukwa ndi totchipa. Ukampatsa mnzako suyenda pambuyo pake kuti akubwezere. Timatumizirana mayeso oyeserera, nyimbo za kwaya, zithunzi za ukwati, kungokapatsira wa kabaza n'kumuuza nyumba yake. Kuipa kwake n'kwakuti popeza malo ndi ochepa, aliyense amene kamugwera m'manja amayamba wafufuta zimene wapezamo kuti aikemo zake. Kwa azakhali kuli zidzukulu zachinyamata zodzadza nyumba. Ndinadziwa kuti kakapita kumeneko sikagona masiku, m'malo mwa ababa mukhala nyimbo zovina.

Azakhaliwo, mlongo wawo wamkulu wa ababa, ndiwo ankatsogolera abale akuchimuna. Mwana salankhula pabwalo lotere, choncho ndinakwawira kumene kunali amalume, achimwene awo a amayi, n'kuwanong'oneza. Anandiyang'ana ngati akuti usatiyambitsire nkhani, komabe anakhosomola n'kupempha kuti wailesi ipite koma kanthu kobiriwirako katsale.

"Muli chiyani m'menemo?" anafunsa azakhali.

"Mawu a malemu. Nyimbo zija ankaimba."

 Azakhali anakoka wailesi ija n'kuiika pamiyendo pawo.

"Ndiye kameneka ndiko koyamba kupita. Nyimbozo ndi za amayi athu, si za mudzi uno. Komanso alamu angawa tabwera kudzawamasula. Tiwamasula bwanji uku tikuwasiyira mwamuna akuimba m'nyumba?"

Abale awo anagwedeza mitu. Amalume anayang'ana pansi. Amayi anali atafunda chitenje kumutu, koma ndinaona dzanja lawo likukanda mphasa. Ndinapsa mtima, ndipo choipa kwambiri chinali chakuti mawu a azakhali anali omveka. Nawonso anali ataluza mlongo.

Ndinagwada n'kulankhula ndekha, amalume akundikodola kuti ndileke.

"Azakhali, kanthuka n'kanu, sindikukana. Ndingopempha ndikakopere. Inu mutenga kanu kali kathunthu, amayi atsala ndi kawo."

"Mukachotsemo n'kutibweretsera chigoba?"

"Iyayi, sizichoka. Zili ngati ana akamakopera pabolodi. Zolembazo zimakhala zili pomwepo."

"Bolodi amafufuta, mwana wanga. Usandione ngati sukulu sindinaipondeko."

Wina anaseka, koma azakhali sanaseke. Anakambirana Chilomwe motsitsa mawu ndi abale awo, ine ndikungotola apa ndi apo. Mapeto ake anazula kafulashi kaja n'kukapereka kwa mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, bambo wa ana ake amene amapalasa kabaza.

"Pita naye. Kasachoke m'manja mwako. Ife dzuwa likapendeka tikunyamuka, ulendo ndi wautali. Ukaona kuti zikuchedwa, usabwererenso kuno, udutse nako kunyumba."

Ndinakwera panjinga pake n'kulowera kumsika. Iye kafulashi anakaponya m'thumba la malaya, thumba lophwepheka lomwe ndinkaliona likuyasama pabampu iliyonse.

"Asuweni, thumbalo ndi lobooka kapena?"

"Lobooka ndi linalo. Inu mukanalola kuti ndikukwatireni kale kuja, bwenzi wailesi, njinga, zonsezi zili zanu."

"Palasani njinga. Ndikanafa ndi njala."

Tinkatero chikhalire, chisuweni chathu, koma tsiku limenelo kuseka kunandikanika. Maso anga anali pathumba paja njira yonse.

Kumsika tinapeza magetsi atazima. Shopu imene ndimadziwa inali yotseka, mwini wake atapita kumunda. Anatilozera ina kuseri kwa chigayo, ya mayi wina amene amatchaja mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'mafulashi pogwiritsa ntchito sola. Munali mothina, mafoni ali mbwee pathebulo, kompyuta yakale itaphimbidwa ndi kansalu koteteza fumbi. Ndinawafotokozera kuti ndikufuna kukopera zinthu, ndipo m'fulashimo asakhudze kalikonse. Anati amva, uku akuyankha munthu wina amene ankafunsa ngati foni yake yadzadza.

Msuweni anakasomeka yekha, monga anauzidwira. Pakompyuta panatuluka kabokosi ka Chizungu kofunsa ngati afomate, kutanthauza kufufuta zonse zili m'katimo.

"Timatero timeneti," anatero mayi aja, dzanja lili kale pamausi. "Timangofomata, kayamba kugwira bwinobwino."

Sindikudziwa kuti ndinadumpha bwanji benchi ija. Ndinangopezeka ndawagwira pamkono, mwamphamvu ndithu.

"Mayi, dzanja langali," anatero.

"Pepani. Muli bambo anga m'menemo. Anamwalira."

Anandiyang'ana, n'kuchotsa dzanja pamausi pang'onopang'ono. Sanali munthu woipa. Ndi mmene amagwirira ntchito tsiku lililonse, poti mafulashi a anthu amabwera ndi mavayilasi ndipo eni ake amangofuna nyimbo zatsopano. Anatseka kabokosi kaja bwinobwino, ine ndikuyang'anitsitsa pamene akudina.

Tinakazula. Msuweni anakauzira mpweya, kukapukuta pamalaya, kukasomeka pabowo lina. Kompyuta inangoti zii. Anakabwezera pabowo loyamba, kabokosi kaja kanatulukanso.  Ndinkaganiza kuti mwina kanafa kale, takanganirana chinthu chopanda kanthu, ndipo ndikabwerera azakhali anena kuti ndafufuta ndine. Msuweni anasuzumira panja kuyang'ana dzuwa, ndipo nthabwala zake zinali zitatha.

"Asuweni, amayi anga aja mukuwadziwa. Ndikachedwa andidya wamoyo."

"Tiyesenso kamodzi."

Anali msuweniyo amene anaona kuti kachitsulo kakutsogolo kakugwedera, poti m'wailesi muja kankangogundidwa. Anakasomekanso n'kukatukula pang'ono ndi chala kuchokera pansi. Kompyuta inalira, ndipo zinthu zija zinaonekera, zonse zili m'malo mwake. Atangosuntha chala kuti apume, zinasowanso.

"Ndiye mugwire chomwecho mpaka timalize," anatero mayi aja. "Musapume n'komwe."

Msuweni, bambo wamkulu uja, ananjuta pansi pa thebulo, chala chili pakafulashi. Mayi aja anayamba kukopera, kamzere kobiriwira kakukwawa pakompyuta. Kunja kunachita mitambo, ndipo kabokosi ka sola kanayamba kulira kuti moto ukutha. Mayi aja anangoyamba kuzula mafoni a anthu imodziimodzi kuti moto wotsalawo upite kukompyuta. Ntchentche inatera pamphuno pa msuweni, ndinaiingitsa ndine. Mkono wake unayamba kunjenjemera, thukuta likutsika m'khosi. Ndinagwada n'kumugwirira chigongono. Ndinapemphera chamumtima pemphero lopanda mutu, longoti chonde, chonde.

Kamzere kanafika kumapeto. Msuweni anakhala pansi n'kumawongola chala.

"Mukandiphikire nkhuku," anatero.

Mayi aja anatulutsa fulashi yaikulu yonyezimira, akuti iyi ndiye yolimba, mulowa ndi mafilimu omwe. Ndinakana. Mawu a ababa sankafuna malo ambiri, ndipo chimene ndinaphunzira tsiku limenelo n'chakuti sayenera kukhalanso pamalo amodzi. Ndinatola tating'ono tomwe tija, timene tinali m'botolo la maswiti pashelefu: ka amayi, kanga, ka mng'ono wanga wa ku Mbombwe, ka achimwene a ku Joni, ndi kena koti azakhali akabise kutali ndi zidzukulu zawo. Kamodzi kanakana kulandira, anakasintha ndi kena. Kompyuta inazima tikumaliza komaliza, moti sitinathe kumvetsera ngakhale kamodzi kuti tione ngati zalowadi.

Pobwerera msuweni anapalasa ataimirira. Pamphambano yopita kwawo anachepetsa liwiro n'kuyang'ananso kumwamba. Dzuwa linali litapendeka kale, ndipo tonse tinkadziwa zimene anauzidwa. Sindinamupemphe, ndinangogwira chishalo mwamphamvu. Anapukusa mutu n'kukhotera kwathu.

Tinapeza alendo ataimirira, katundu atamangidwa kale panjinga ya ababa. Azakhali anali atakulunga wailesi m'chitenje.

"Ndinati chiyani ine?" anafunsa mwana wawo.

"Tafika, amayi. Kanu ndi aka, sikanachoke m'manja mwanga."

Anakalandira n'kukatembenuza uku ndi uku. Ndinawapatsanso kena kaja, ndi manja awiri. Sanathokoze. Anamasula wailesi n'kukhala pansi, enawo nawonso anakhala.

"Tiyambe tamva. Kanga kaye."

Anakasomeka, n'kukagwirizira ndi chala monga anawauzira mwana wawo. Wailesi inachita phokoso, kenako ababa anayamba kuimba. Azakhali anamvetsera mzere umodzi wokha n'kuzimitsa msanga, nkhope atayang'anitsa kumbali.

"Ali momwemo," anatero. "Tsopano ka alamu."

Ndinasomeka katsopano ka amayi kaja. Kakanapezeka kopanda kanthu, panalibenso kobwerera, wailesi ndi kafulashi kakale zinali paulendo. Panapita kanthawi wailesi ili chete, kagetsi kofiira kakungophethira. Amalume anakhosomola. Kenako kunamveka kusokosera kwa nandolo m'lichero, tambala akulira chapatali, ndipo ababa anayamba nyimbo yawo, ndi mawu aakulu aja okhala ngati akuchokera m'chifuwa. Pabwalo panalibe wosuntha. Amayi anatsitsa chitenje kumutu kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Azakhali milomo inkatsatira nyimboyo popanda mawu.

Nyimbo itatha ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, koma zojambulazo zinali zisanathe. Tsiku lija foni sindinaizimitse msanga. Ababa anakhosomola, anaseka pang'ono, kenako anaitana chakunyumba, mmene ankaitanira masiku onse.

"Amake mwana, tapatseniko madzi akumwa."

"Ndikubwera, bambo," anayankha amayi.

Anali atagwira kale pansi kuti adzuke. Anaima chomwecho, bondo limodzi lili m'mwamba, kenako anabwerera pamphasa pang'onopang'ono n'kuyang'ana manja awo. Panalibe amene anaseka, panalibenso amene anayang'ana mnzake.

Azakhali anazula kafulashi kaja okha. Anayenda chogwada mpaka pamene panali amayi, anawatsegula dzanja, kukaika m'menemo n'kuwafumbatitsa. Anakhala atawagwira choncho nthawi yaitali, ndipo alendo ena aja anayamba kutsogola ndi njinga.