Nthambi ya Mango Pamwamba pa Denga

Chaka chachiwiri chichokereni mwamuna wanga, mkuntho unathyola nthambi yaikulu ya mtengo wa mango pakhomo pathu. Iye anatengedwa ndi anthu a mfuti kuti akawasenzere katundu cha ku Mongue, osabwerako. Tinatsala atatu: ine, mwana wanga wamkazi amene anali atangoyamba kuyenda, ndi apongozi anga aamuna, okalamba, mwendo umodzi wotupa. Anansi anali atawoloka mtsinje wa Ruo kupita ku Malawi. Ife mwendo uja unatimanga.

Nthambiyo sinagwe. Inang'ambika theka n'kutsala lende pamwamba pa denga, kulunjika pomwe mwana ankagona. Mphepo ikawomba inkalira ngati chitseko chakale.

Kwathu mkazi sakwera mtengo wa zipatso. Amati akakwera, zipatso zimachita mphutsi, kapena mtengo umaleka kubereka. Koma mango amenewo ndiwo ankatisunga miyezi ya njala. Tinkaphika aawisi, tsiku n'kutha. Mwamuna wokwera panalibe.

Masiku atatu apongozi ankangoyang'ana kumwamba. Mitengo ankaidziwa, poti anagwira ntchito yodulira tiyi nkhondo isanayambe. Ine ndi iwo sitinkalankhulana maso ndi maso, monga mwa ulemu wa chipongozi. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana.

Tsiku lachinayi m'mawa ananola chikwanje, n'kuchisiya pakati pa bwalo pamodzi ndi chingwe chaluzi.

"Iwe kamtsikana," anatero, "kawauze amako kuti m'dengumo muli kabudula wa abambo ako."

Ndinakamuvala mkati mwa chitenje. Ankangonunkha utsi. Potuluka ndinapeza atakhala chofulatira mtengo, mwana ali pamiyendo, kuti asandione ndikukwera.

Ndinali ndisanakwerepo mtengo chikhalire. Nyerere zofiira zinandiluma m'khosi. Ndinamanga chingwe kunsonga kwa nthambi monga ananenera, n'kuwaponyera. Anachigwirira paphewa, osacheuka.

"Uwauze ayambire kunsi, ateme pang'ono, kenako pamwamba. Akayambira pamwamba, pogwa isenda khungwa mpaka pathunthu, mvula ilowa, mtengo uwola."

Ndinkatema kasanu n'kuima, kumvetsera kunjira. Masiku amenewo phokoso la chikwanje linkaitana alendo a mfuti. Kukakhala zii ndinkayambanso. Mtengo unali wolimba, ndipo m'mimba mwanga munalibe kanthu chiyambire dzulo lake masana.

"Iwe, tawafunsa," anatero apongozi, "kodi amako akutema kapena akusenda chinangwa?"

Mwana anaseka osadziwa chimene akuseka. Ine misozi inabwera. Ndisanaganize n'komwe ndinati, "Bambo, manja atopa."

Ndinali ndisanawayankhepo mwachindunji chikwatiwire.

"Pumulani, mayi," anatero. "Mtengo suthawa."

Dzuwa lili pamutu nthambi inalira. Apongozi anakoka chingwe akukwawira kutsogolo, mwana ali m'khwapa. Inagwa chammbali, n'kungozula udzu wa m'mphepete mwa denga. Khungwa linasendeka pang'ono, kukula ngati chikhato.

Ndinatsika. Ndinkati zatha. Koma apongozi anauza mwana kuti bala silisiyidwa poyera, amake akande dothi la pachulu akamate. Ndinakweranso, dothi lili m'kachitini. Nditamaliza kunali kokatunga madzi, kenako kufuna ndiwo. Manja anachita matuza, sabata yonse khasu ndinkaligwira ndi nsanza.

Denga linapulumuka, koma mtima sunakhale pansi. Miyezi yonse yozizira ndinkadutsa pansi pa mtengowo osauyang'ana, kuopa kuti ndaphetsa mwana wanga ndi njala. Kutayamba kutentha unachita maluwa, mbali imodzi yokha. Mango anabwera, ochepa kusiyana ndi kale, koma anabwera.

Tsiku lina mwana anatola bango lakugwa, atalilumako n'kupeza mphutsi. Analira napita nalo kwa agogo ake. Ine ndinali pakhonde, ndinasiya zimene ndinkachita n'kumvetsera. Iwo analitembenuza, nachotsa powolapo ndi chala.

"Idya iwe," anatero mokweza. "Mphutsi izi zinalimo kale, amako asanabadwe."

Chaka chimenecho tinadya mango mpaka chimanga chinakhwima. Kabudula ndinamuchapa n'kumubwezera m'dengu.