Kamluzu ka m'makina a mpweya

Ku Kacholola anthu ankati chinthu chikafika m'manja mwa bambo Eustace Njobvu sichifa msanga. Anakulira pakhonde la sitolo m'mbali mwa msewu waukulu, akukonza mawailesi, ndipo khutu lawo linali lakuthwa moti ankatchula vuto la wailesi asanaitsegule n'komwe. Mawailesi atayamba kuchepa anapeza ntchito pakiliniki ina yakumudzi, yosesa, kutunga madzi ndi kutchetcha udzu. Koma sikuludilaiva sinachoke m'thumba la malaya awo, ndipo kunena zoona, kakudzitama nakonso sikanachoke.

Chaka china pakilinikipo panabwera makina a mpweya, aja amathandiza mwana wodwala chibayo kupuma. Namwino wamkulu, amai Yvonne Daka, anasonkhanitsa antchito onse n'kuwauza kuti makinawo akachita chachilendo chilichonse, pali pepala loti alembe n'kutumiza ku ofesi ya zaumoyo ku Nyimba, kuti akuluakulu aone ngati ena ofanana nawo akuvutanso. Anaonjeza, maso ali pa aNjobvu, kuti munthu asayerekeze kuwatsegula. Onse anaseka, eni akewo nawonso anaseka.

Patapita miyezi isanu, akukolopa m'mawa, aNjobvu anamva kamluzu kakang'ono kochokera m'makinamo. Nyali yobiriwira inkayaka, madzi a m'kabotolo ankachita thovu ngati masiku onse, koma khutu lawo linakana. Makinawo atazimitsidwa ndipo iwo atatsala okha, anamasula chivundikiro n'kupeza kapaipi kam'kati katang'aluka. Mpweya wothandiza uja unkathawira pamenepo, mwana n'kumangolandira mphepo wamba, belu lochenjeza lili chete.

Apa m'pamene analakwa, ndipo analakwa ndi mtima wabwino, kulakwa kumene kumapweteka kuposa kwina konse. Anakumbukira firiji ya katemera imene inalembedwera pepala, n'kutengedwa, n'kutha chaka osabwerera. Nanga makinawa akapita, ana adzapumira chiyani? Anagula kapaipi katsopano ka petulo ka njinga yamoto, anakatsuka bwino, anakalowetsa, kamluzu kanatheratu. Kong'alukako anakaponya m'chitini cha misomali kunyumba. Timapaipi tina tiwiri tinang'aluka m'miyezi yotsatira, natonso tinasinthidwa mwakachetechete. Amai Daka ankawatamanda makinawo kwa alendo kuti ndi olimba, aNjobvu n'kumamwetulira ali chogwira tsache. Sanaganizepo kuti makina a mtundu womwewo anagawidwa m'makiliniki ambiri, ndiponso kuti si kiliniki iliyonse ili ndi Njobvu wake.

Mwana wawo wamkazi, Juliet, anakwatiwa kudera la Sandwe, kumene galimoto imafika yatopa. Kumeneko anabereka Goodness, mdzukulu amene aNjobvu anamunyamulapo kawiri kokha. M'mwezi wozizira wa Juni khandalo linadwala chibayo. Juliet anaimba foni kuti amuika pa makina a mpweya pakiliniki yakumeneko podikira galimoto yoti iwatengere ku Petauke. Bambo ake anamulimbitsa mtima kuti makina amenewo amawadziwa bwino, asade nkhawa. Tsiku lotsatira masana foni inaliranso, ndipo woyankhula anali mkamwini wawo.

Maliro atatha, aNjobvu anayenda wapansi mpaka kukiliniki ya ku Sandwe ija. Anapempha namwino amene anamupeza kuti awayatsire makinawo. Namwinoyo anadabwa, koma munthu woferedwa sakanizidwa zinthu zazing'ono. Nyali yobiriwira inayaka, madzi anachita thovu, ndipo kamluzu kaja kanamveka. Dzanja la aNjobvu linapita lokha m'thumba, mmene munali sikuludilaiva ndi kapaipi katsopano, poti sankayenda opanda zimenezi. Inali ntchito ya mphindi khumi basi. Anatulutsa dzanjalo lopanda kanthu.

"Zimyani, amai," anatero. "Osaikapo mwana wina. Aya makina yanama."

Palibe angalumbire kuti Goodness akanachira, pakuti chibayo chimatenga ana ngakhale pamakina abwino. Namwino uja anawauza zomwezo, koma aNjobvu sanafune chitonthozo choterocho.

Atabwerera ku Kacholola anakhuthula chitini cha misomali, n'kukayala timapaipi titatu tija patebulo la amai Daka. Ankadziwa kuti ntchito ikhoza kuthera pomwepo, ndipo ndi ukalamba wawo ina sakanaipeza.

"Nakhala nikutsegula makina, asisita. Katatu. Lembani pepala lija, na dzina langa muikepo."

Amai Daka anawakalipira mpaka mawu anawathera, kenako analira, kenako analemba. Pepala linapita ku Nyimba pamodzi ndi timapaipito, lina linachokera ku Sandwe kudzera ku Petauke, ndipo onse awiri anakafika ku Lusaka kwa oyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala. Kunabwera anthu ndi kachipangizo koyezera mpweya, anazungulira makiliniki, ndipo anapeza makina ena angapo akunama chimodzimodzi. Onse a mtunduwo anasonkhanitsidwa, m'malo mwake munabwera masilinda a mpweya podikira makina atsopano. ANjobvu anaimitsidwa ntchito mwezi umodzi, kenako anabwezeredwa tsache lawo. Masiku ano chinthu chikalira mwachilendo pakilinikipo, kaya ndi choyezera kuthamanga kwa magazi kaya sikelo ya ana, iwo ndi amene amathamangira pepala, ndipo anzawo amawaseka kuti akalamba asanduka mlembi.

Panatsala munthu mmodzi amene sanamve nkhaniyi kuchokera pakamwa pawo. Mkazi wawo anawaletsa, amvekere madzi akatayika saoleka, nanga kumuonjezera mwana chisoni n'kwachiyani. Koma kubisa n'kumene kunawafikitsa apa, choncho mwezi wa Ogasiti anakwera galimoto ya ku Sandwe.

Anamupeza Juliet akuswa mtedza pamkeka kuseri kwa nyumba. Anakhala pansi pafupi naye n'kufotokoza zonse, za kamluzu, za firiji, za chitini cha misomali, osadzichepetsera mlandu ngakhale pang'ono. Juliet anamvetsera mutu uli pansi, zala zikugwirabe ntchito. Atatha, anafunsa funso limodzi lokha.

"Atate, kamluzu koyamba munakamva liti?"

Akanatha kunena kuti aiwala, ndipo mwanayo akanawakhulupirira.

"Ukali na pakati," anayankha. "Akalibe kubadwa Goodness."

Zala za Juliet zinaima. Anayang'ana kuthengo kumene kuli manda, ndipo bambo ake sanapemphe chikhululukiro chifukwa anaona kuti nthawi yake sinakwane. Kenako, osawayang'ana, anakankhira lichero la mtedza pakati pawo. ANjobvu anatola umodzi n'kuyamba kuswa.