Mizere Iwiri pa Pepala la Amayi

Mundikhululukire polemba izi. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ndipo nkhaniyi ikukhudza thupi la amayi, zimene mwana sayenera kutchula. Koma yandikhala pamtima nthawi yaitali.

Amayi ankathyola tiyi ku esiteti. Ndili Fomu 2 anayamba kudandaula msana, ndipo msomali wopachikapo dengu lawo anayamba kuufikira monyanyamphira. Kuchipatala cha mishoni dokotala anawatenga magazi n'kutumiza magaziwo kutali kukayezedwa. Pepala la zotsatira litabwera patapita miyezi iwiri, anawauza kuti adzapite nalo Lachitatu kuti dokotalayo akawafotokozere.

"Lachitatu ine ndili m'munda," amayi anatero. "Iwe sukulu umapitiranji? Tawerenga."

Linali la Chingerezi. Ndinaliwerenga katatu, chala chili pamawu. Ndinamva kuti anayeza liwiro limene mafupa akutha ndi kudzikonzanso. Pambali pa nambala ya amayi panali mizere iwiri ya mlingo woyenera, wina wa azimayi amene akupitabe kumwezi, wina wa amene anasiya. Pa mzere woyamba nambala yawo inali yopitirira. Pa wachiwiri inali mkati.

Kuwafunsa sindikanatha. Ndinangokhala pakhonde, pepala lili pamwendo, mpaka ndinakumbukira mchere. Kwathu mayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Ndili wamng'ono, mwezi uliwonse pankakhala masiku amene ankaitana, "Iwe, tabwera undithirire mchere." Nditakula ankaitana mng'ono wanga. Tsopano zinali zitakwana zaka zitatu akuthira okha.

"Zili bwino, amayi. Nambala yanu ili mkati."

"Nanga adokotala akundifuniranji? Dokotala ndili naye m'nyumba muno!" Anaseka mpaka kugwira msana, ine mtima uli mbee. Lachitatu lija anabereka dengu n'kupita kumunda.

Patatha zaka ziwiri anaterereka pa kanjira ka pakati pa tiyi. Sanagwe patali, anangokhala pansi, koma fupa la m'chiuno linathyoka. Namwino amene ndinamuonetsa pepala lija anandiuza mofatsa kuti mzere ndinasankha woona, koma nambala kukhala mkati sikutanthauza kuti mafupa ndi olimba. Dokotala akanawafunsa zambiri, mwina akanawaletsa kunyamula zolemera.

Amayi sanandinene ngakhale kamodzi. Alendo akabwera ankawauzabe kuti mwana wawo amawerenga mapepala a kuchipatala. Ine ndimalakalaka akanandikalipira. Ndimalakalakanso kuwaona akutsika chitunda madzulo, chitenje chitanyowa ndi mame a tiyi, akundiitana ndisanawaone n'komwe.

Kumunda sanabwererenso. Dengu ndinalipachika ndine pa msomali uja, popanda kunyanyamphira. Linali Lolemba, tsiku lachitatu chigwereni mvula yoyamba, chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 4.