Mizere Itatu ya a Zimitsa

Pachipatala chathu chaching'ono pali bambo wina amene tonse timangowatchula kuti a Zimitsa. Ine ndimakhala pa desiki yolandirira odwala, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndinkawapeza m'mawa uliwonse atafika kale, jekete ili pampando, m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa kotengera mankhwala. M'menemo munkakhala iwowo, fani yolira ngati ili ndi chifuwa, ndi kompyuta yaikulu imene imasunga mafayilo a odwala ndi kuwatumizira mauthenga a pafoni owakumbutsa tsiku lobweranso.

Ntchito imene inawapatsa dzina inali yozimitsa kompyutayo n'kuiyatsanso tisanatsegule zitseko. Ngakhale atatero, masana inkayamba kukwawa; akapanda kutero, tsiku lachitatu inkangouma gwa. Tinaziona kamodzi, chaka chawo choyamba chitangotha, atagona ndi malungo. Odwala anadzaza mabenchi, adokotala akukalipa, ine thukuta lili kamukamu. A Zimitsa anatulukira masana akunjenjemera, n'kudina mabatani awo, zonse n'kubwerera m'chimake. Anamwino anawaombera m'manja. Sindikhulupirira kuti analipo wina amene anawaomberapo m'manja chibadwire.

Kuyambira pamenepo sanapitenso kutchuthi. Lamlungu lomwe ankabwera, mphindi khumi zokha, n'kubwerera kuchipinda chawo cha lendi pamwamba pa shopu ya wosoka nsapato. Mkazi analibe. Akuti analipo wina kale, koma anatopa n'kudikira. Chakudya chamasana ankadyera pa desiki pawo, chitseko atachisiya chotsegula pang'ono ngati kuti wina alowa. Sitinkalowa. Sikuti tinkadana nawo ayi, tinkawakonda mmene munthu amakondera mpopi umene sunaumepo. Moni wawo unali umodzi kwa tonse: "A Zimitsa, mwaidzutsa nkhalamba yanu?" Iwo ankamwetulira n'kuyankha, "Yadzuka, mayi, yadzuka." Moni umenewo ndiwo ankadya tsiku lonse.

Lachinayi lina foni yawo inalira, chinthu chachilendo. Alongo awo aakulu, amene anawalera makolo atamwalira, anali atagwa n'kufa ziwalo mbali imodzi. Ankakhala kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo wowasamalira panalibe. Abwana anavomera kuti apite, koma anati, "Muyambe mwaphunzitsa mayi a pa desiki zozimitsa zanuzo."

Ndinalowa m'kachipinda muja ndi kope, koyamba pa zaka zonsezo. Zochita zake zinalipo khumi ndi chimodzi, ndipo ine ndinasokonezeka pa chachinayi. Ndinawauzanso mosabisa kuti Lamlungu asandiwerengere, ndili ndi ana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapumira m'mwamba.

"Tsekani kopelo, mayi. Ndikuuzeni chimene imadwala nkhalambayi."

Ndinatseka.

"Mukalemba wodwala, pulogalamuyi imapanga kantchito kakang'ono koti kadzamutumizire uthenga tsiku likakwana. Ife timati kloja. Inu ingotengani ngati kamthenga. Vuto lake, kamthengako sikatenga nambala ya foni yokha. Kamasenza zonse zimene zinali pomwe kanabadwirapo, fayilo yonse ya wodwala, ndi zithunzi za ekisire zomwe."

"Nanga kakapereka uthengawo?"

"Kamayenera kuchoka. Chilankhulo chimene ndinalembera pulogalamuyi n'chofewa, sulimbana n'kuuza makina kuti ichi ndi nambala, ichi ndi dzina, ichi taya. Muli wosesa wakewake. Amazungulira mu memole, malo amene kompyuta imaikapo zimene ikugwiritsa ntchito, n'kumataya chilichonse chimene palibe akuchigwira. Koma kamthenga kaja dzina lake limatsalira pamndandanda. Wosesa akaliona amati kadakali pantchito, ndiye sakakhudza, ngakhale katundu wake. Tsiku lililonse timithenga mazanamazana timatsala chiimire m'khonde titasenza mafayilo. Masiku atatu, podutsa palibe."

"Ndiye kuzimitsa kuja n'kuthamangitsa timithengato basi?"

"Basi."

"Nanga sizingakonzeke zimenezi?"

Anakoka dirowa, n'kutulutsa kapepala kopindapinda, kofiirira ndi ukalamba. Panali mizere itatu yolembedwa ndi bolopeni. Pamwamba pake panali deti, ndipo ine kuwerenga madeti ndiye ntchito yanga. Kanali ka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

Mtima unandiwawa, osanama. Ndinakumbukira masana onse amene makina aja ankakwawa, odwala akundinyoza ine ngati ndine ndaphika.

"Bambo inu, zaka zonsezi mankhwala ali m'dirowa?"

"Ndinawapeza nditangochira malungo aja," anatero akuyang'ana kapepalako. "Ndinati ndikonza Lolemba. Lolemba litafika, munandipatsa moni uja pakhomo, inu ndi anamwino awiri. Ndinati basi, ndikonza Lolemba linalo."

Ndinayang'ana kapu yawo imodzi, supuni imodzi, ndi mpando wachiwiri umene ndinakhalirawo, umene anachita kuupukuta fumbi ndisanakhale.

Analemba mizere ija pakompyuta ine ndikuona. Woyamba unali woti kamthenga kazitenga nambala ndi tsiku lokha, iwiri inayo yofufuta dzina lake pamndandanda kakangomaliza ntchito. Zinawatengera kanthawi koti madzi a tiyi sakanawira n'komwe. Anandionetsa nambala ina pakona pa sikirini, yoonetsa kudzaza kwa memole, imene kale inkangokwera. Inakwera pang'ono, n'kutsika yokha.

"Wosesa wayamba ntchito," anatero. "Abwana musawauze kaye, mayi. Ndidzawauza ndekha ndikabwera."

Ananyamuka Lachisanu. Masiku oyamba ndinkasuzumira m'kachipindamo kukaona nambala ija. Sinkakwera. Lamlungu linadutsa, Lolemba makina ali ngwee. Abwana ankaganiza kuti ndine ndikuzimitsa, anandiyamikira kamodzi, ine osatsutsa. Sabata yachiwiri ndinasiya kusuzumira. Nambala yawo ya foni ndinali nayo, yomatidwa pansi pa galasi la desiki yanga penipeni, pamene tinaiika kuti makina akauma tiziwaimbira. Makina sanaume.

Patatha masabata asanu, Lolemba m'mawa, ndinaona jekete pampando. Anali atakhala kutsogolo kwa sikirini, manja ali pamaondo, ataonda, akuyang'ana nambala yosakwera ija.

"Mwabwera, a Zimitsa. Alongo anu ali bwanji?"

"Tinaika m'manda sabata yachitatu, mayi."

Manyazi amene ndinachita sindinawachiteponso. Chipatala chonse, anthu oposa makumi awiri, palibe anatumiza ngakhale kauthenga kopepesa, pamene kompyuta yawo inali itatumiza mauthenga masauzande kwa anthu osawadziwa. Ndinati pepani, mawu ake ochepa ngati omwewo, iwo n'kugwedeza mutu kuti amva.

Ndili chiimire pakhomopo anadutsa namwino wamkulu ndi thireyi ya majekeseni. Sanaime. Sankadziwa n'komwe kuti bamboyu anachokapo.

"A Zimitsa, mwaidzutsa nkhalamba yanu?"

Anandiyang'ana ine kaye. Ine ndinayang'ana pansi.

"Ndikuidzutsa kumene, mayi," anayankha.

Anatambasula dzanja n'kuizimitsa. Iwo sanawauze abwana, inenso sindinawauze mpaka lero. Amabwerabe m'mamawa, ndi Lamlungu lomwe.