Mkulu Wanga wa ku Amsterdam

Anthu akamva kuti ndinafikako ku Amsterdam amayembekeza kuti ndiyamba kutamanda. Ine ayi. Ndinaupondako kamodzi mzinda umenewo, ndipo mpaka lero ndikamva dzina lake m'kamwa mumandiwawa.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku nkhalango za paini za ku Viphya. Tinasankhidwa anthu atatu kuti tikaphunzire kuumitsa matabwa ku Holandi. Tisananyamuke anatiitana ku ofesi pa Boma la Mzimba, komwe bwana wina wa jekete lothina anatizungulira kuona ngati tsitsi likugunda kolala. Kenaka anatichenjeza kuti kunjako tisakacheze ndi aliyense wothawa kwawo, ndipo wina akakatifunsa za dziko lathu tikangoti kuli mtendere ndi chimanga chokwanira. Tinavomera tonse, monga ankavomerera aliyense masiku amenewo.

Koma ine ndinali ndi ntchito ina, yonditumira bambo anga kwathu ku Champhira. Zaka zingapo m'mbuyomo kunabwera mnyamata wachizungu wa ku Holandi wodzakumba zitsime. Njinga yake yamoto inatitimira m'matope pafupi ndi nyumba yathu m'dzinja, bambo anamulowetsa kuti awothe moto, ndipo kuwotha motoko kunatha zaka ziwiri. Ine ndinasamukira kukhitchini kuti iye azigona pabedi langa. Atadwala malungo mayi ankamupukuta thukuta usana wonse, bambo n'kumukweza pangolo mpaka kuchipatala. Ankawatcha adada ndi amama m'Chitumbuka chake chopindika, ndipo tsiku lochoka analira mpaka mamina, akulumbira kuti pakhomo pake ndi pakhomo pathu. Bambo anazitenga zenizeni. Makalata anabwera awiri atatu n'kuleka, koma iwo ankati akubisidwa ndi aja ankatsegula makalata a anthu.

"Ukafike kwa mukulu wako," anatero nditapita kukatsazika. "Ukagoneko, umuwone na maso, mbwenu udzandiuze umo akukhalira."

Mayi anakazinga mtedza wodzaza kathumba, bambo anapereka botolo la uchi ndi envulopu yakale yokhala ndi keyala.

Sukulu yathu inali m'katawuni kena kakang'ono. Loweruka lachitatu ndinalongedza chikwama, malaya awiri ndi mswachi, n'kukwera sitima. Sindinalembe kalata, sindinaimbe foni. Kwathu munthu sapempha chilolezo kuti akaone mkulu wake.

Nditatuluka pasiteshoni chinthu choyamba kundilandira chinali fungo. Mzinda wonse ndi ngalande, ina mbali iyi, ina kuizungulira, zodzaza madzi obiriwira osayenda. Kwathu madzi otero ng'ombe imanunkhiza n'kubwerera, koma kumeneko anthu akuluakulu ankalipira kuti awayendetse pamwamba pake m'maboti agalasi, uku akujambula zithunzi. Ena mpaka amakhala m'maboti momwemo, kuyanika zovala zamkati pamaso pa aliyense. Nyumba zake n'zopyapyala, zothinana, zina zopendekeka moti ukanakhala kwathu ukanathamanga kukadula mphanda yochirikizira. Mphunzitsi wathu anali atatiuza monyadira kuti mzinda wonsewo waima pamitengo yokhomeredwa m'matope. Ine monga munthu wa mitengo ndinangoti, ndiye kuti anthuwa amakhala pankhokwe.

Nanga njinga! Kwathu wanjinga amatsika akaona munthu wamkulu. Kumeneko ngakhale gogo wa imvi amakuimbira belu mokalipa ngati mseu anachita kusiyiridwa ndi bambo ake. Ukathawa njinga uponda za agalu, poti agalu akumeneko amadzithandiza pomwe afuna, mwiniwake ataima pambali kudikira mwaulemu. Amuna tsitsi mpaka m'mapewa, akazi mathalauza. Ndinkangoganiza kuti anyamata a chipani a pamsika wa Mzimba akanafika kuno, malumo akanabuntha dzuwa lisanafike pamutu. Mawindo alibe makatani, ukuona munthu akudya m'nyumba mwake, iyenso akukuona, koma osakukodola n'komwe. Apo pokha ndikanadziwiratu.

Ndinasochera kanayi, chifukwa milatho yonse njofanana, ndipo ndinafika pakhomopo cha m'ma folo koloko, mapazi akutentha. Ndinati odi kawiri ngati chitsiru ndisanaone kabatani ka belu. Chitseko chinatseguka chokha, wina atakoka chingwe kuchokera pamwamba, ndipo ndinakwera masitepe oimirira ngati makwerero, chikwama chikundimenya m'mawondo.

Anali yemweyo, atanenepa, ndevu zitamera. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanatchule dzina langa. Ine ndinali nditatambasula kale manja kuti ndimukumbatire, iye anandipatsa dzanja limodzi. Chitumbuka chinali chitathawa chonse, tinayankhula Chingerezi.

"Bwanji sunaimbe foni?" anafunsa, maso ali pachikwama changa.

Ndinaseka, poyesa nthabwala. Sinali nthabwala.

Anandikhazika pampando wolimba, chifukwa pasofa panali galu. Mkazi wake, wamtali wosaseka, anabweretsa khofi m'kakapu koti kumeza katatu watha. Anatsegula chitini cha mabisiketi, ndinatola imodzi, ndipo dzanja langa lisanabwerere chitini chinali chitatsekedwa n'kubwezedwa pashelefu. Bisiketi imodzi, abale, kwa munthu wochokera ku Champhira! Ndinatulutsa uchi wa bambo. Mkulu wanga uja anaupenyetsetsa pawindo n'kufunsa ngati unasefedwa bwino. Anandifunsa za zitsime zake, ngati zikutulutsabe madzi, chimodzi ndi chimodzi mpaka zonse zinatha. Za zitsimezo ankazikumbukira bwino kwambiri.

Kukhitchini kunayamba kununkhira nyama. M'mimba mwanga munali mutalira kuyambira m'sitima, choncho mtima unakhala pansi. Ndinadzidzudzula kuti ndafulumira kuweruza, mwina bisiketi ija inali yongotsegulira njira. Sikisi koloko itatsala pang'ono, mkazi uja ananena kanthu m'chiyankhulo chawo, mwamuna n'kuimirira.

"Ife tsopano tikufuna tidye," anatero.

"Zikomo kwambiri," ndinayankha. Ndinaimirira, ndinapinda manja a malaya, n'kufunsa komwe ndingasambe m'manja.

Mkulu wanga uja anapita kuseri kwa chitseko n'kubwera ndi jekete langa, atalitambasula kuti ndingolowetsamo manja. Anafotokoza mofatsa, ngati akuphunzitsa mwana, kuti anagula nyama ya anthu awiri poti sankadziwa kuti ndibwera. Mkazi anatsegula kabuku kake, anatsata ndi chala, n'kupeza kuti Lachinayi la sabata yachitatu kutsogoloko anali ndi mpata. Tsiku limenelo ine ndikanakhala nditabwerera kale ku Viphya. Manyazi amene ndinachita, ndili chiimire ndi manja opinda aja, sindinawachitepo kwina kulikonse.

Ndili pakati pa masitepe, mkulu wanga uja anasuzumira kuchokera pamwamba.

"Ha, ndikanaiwala. Kodi mdala uja akadali moyo?"

Ndinati ali moyo. Anati zabwino, chingwe chinakokedwa, chitseko n'kutseguka.

Mtedza sindinapereke. Ndinakhala m'mphepete mwa ngalande ina, dzuwa likadali m'mwamba, n'kuudya ndekha wonse ndikutukwana m'Chitumbuka, poti panalibe wondimva. Makoko ndinkawaulutsira m'madzi awo onunkhawo.

M'ndege yobwerera ndinakonza bodza labwino: ndinagonako masiku awiri, anandiphera nkhuku, mlamu ndi munthu waulemu. Koma nditafika ku Champhira pakhomo panadzaza anthu, ndipo nditayamba za agalu ndi ngalande anaseka kwambiri moti pakamwa panandithawa. Ndinanena za galu wa pasofa, za chitini, za jekete. Ndinaimirira n'kuwaonetsa mmene ndinapindira malaya. Azimayi ankagwirana mapewa, amalume anga mpaka kutsokomola. Ndinkamva kukoma kubwezera. Bambo okha sanaseke, ankangosisita bondo, maso ali pansi, ndipo ndinawaona koma sindinaleke.

Anthu atabalalika anandiitanira kukhola, komwe ankamanga chipata cha ng'ombe.

"Kasi wakafumba za ine?"

"Anafunsa, adada."

"Wakati wuli?"

Apa ndikanatha kunama. Koma mkwiyo unali usanazizire, ndipo ndinkafuna kuti nawonso amuone munthuyo mmene ndinamuonera ine. Ndinawauza mawu ake enieni, osachotsa ngakhale limodzi, ndi mdala uja yemwe, ndi zoti anakumbukira ndili kale pamasitepe.

Anapitiriza kumanga luzi. Anamanga mfundo, anaikoka, anaimanganso.

"Mbwenu wakafumba," anatero, kutanthauza kuti basi, anafunsa ndithu.

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, ndinawapeza ataima ndi madoda anzawo pansi pa mtengo, atavala jekete lawo la ukwati. Ankawauza kuti mwana wawo wa ku Holandi ali bwino, wanenepa, anakwatira, ndipo anafunsa za moyo wawo. Mmodzi mwa madodawo, yemwe analipo tsiku lija ndipo anaseka nawo, anatembenukira kwa ine.

"Kodi n'zoona zimenezi, mwana iwe?"

Bambo anandiyang'ana. Ndinati n'zoona.